Mfuti Zachiŵaya ndi Lamulo ku America

Dziko la United States of America limadziŵika ponseponse kuti anthu ake ali ndi ufulu wosunga mfuti, ndipo ufulu umenewu unaloŵa m'malamulo aakulu a dzikolo m'chaka cha 1791. Koma ambiri sadziŵa kuti ngakhale kumeneko ulipo mtundu umodzi wa mfuti umene Boma linaumanga ndi zingwe zolimba. Tikunena mfuti yachiŵaya, ija imalavula zipolopolo motsatizana munthu akangokoka kamodzi kachitsulo kowombera. Lero tifuna kuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi aone pamene lamulo lake lagwira ndi pamene lafooka.

Nkhaniyi inayamba ndi mwazi. Pa 14 February 1929, mumzinda wa Chicago, anthu 7 anaphedwa pa mkangano wa magulu a zigaŵenga ogulitsa moŵa mozembera lamulo, ndipo akuphawo anagwiritsa ntchito mfuti za Thompson. M'chaka cha 1934 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa National Firearms Act. Lamuloli silinaletse mfutizo. Linalamula kuti iliyonse ilembedwe m'kaundula wa Boma, ndi kuti pa kusintha mwini pakhomedwe msonkho wa madola 200, ndalama yofanana ndi mtengo wa mfuti ya Thompson masiku amenewo.

Chingwe cholimba koposa chinadza pa 19 May 1986, pamene Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lina. Phungu wa ku New Jersey, William Hughes, anaonjezamo mawu otsekera anthu wamba kaundulayo. Kuyambira tsiku limenelo munthu wamba angagule mfuti yachiŵaya yokhayo imene inali italembedwa kale. Zatsopano zimaloledwa kwa asilikali, apolisi ndi amalonda okhala ndi chilolezo chapadera.

Wofuna kugula amapempha ku bungwe la Boma la ATF, napereka zidindo za zala zake ndi zithunzi, nadziŵitsa mkulu wa apolisi wa kwawo. Mbiri yake imafufuzidwa, ndipo saigwira mfutiyo kufikira chilolezo chitatuluka. Akafuna kupita nayo ku chigawo china cha dzikolo amayamba wapempha. Akamwalira, woloŵa chuma sakhoma msonkho, koma dzina lake liyenera kulembedwa. Zigawo zina, monga New York ndi Illinois, sizilola konse. Wopezeka ndi mfuti yosalembedwa angakhale m'ndende mpaka zaka 10.

Popeza chiŵerengero cha mfutizi sichikula, mtengo wake unakwera koopsa. Mfuti ya M16 yolembedwa chisanafike chaka cha 1986 imagulidwa ndi madola oposa 20,000. Amene wataya chuma chotere, dzina lake lili m'buku la Boma, saseŵera nayo. N'chifukwa chake mfuti zolembedwazi sizimvekamveka pa milandu ya kupha. Apa lamulo lagwira, ndipo mphamvu yake yagona pa kuŵerenga chida chilichonse ndi kudziŵa mwini wake.

Komabe tiona ming'alu iŵiri. Woyamba ndi msonkho. Madola 200 a mu 1934 ndi ofanana ndi oposa 4,000 a lero, koma pa mfuti zachiŵaya chiŵerengerocho sichinasinthidwe. Chimene chinali mpanda chasanduka chopondera.

Wachiŵiri ndi mawu a lamulo. Pa 1 October 2017, ku Las Vegas, munthu mmodzi anawombera khamu zipolopolo zoposa 1,000 m'mphindi ngati 10, ndipo anthu 58 anafa usiku womwewo ndi m'masiku otsatira. Mfuti zake zinali zamasiku onse, koma anaziika chipangizo chotchedwa bump stock chimene chimazifulumizitsa. M'chaka cha 2018 Boma linachiletsa ponena kuti chimasandutsa mfuti kukhala yachiŵaya. Koma mu June 2024 Bwalo Lalikulu la dzikolo, oweruza 6 motsutsana ndi 3, linagamula kuti mawu a lamulo sachikhudza, pakuti kachitsulo kowombera kamayendabe kamodzi pa chipolopolo chilichonse. Kwa wolasidwa kusiyana kumeneku kulibe phindu, koma bwalo limaweruza ndi zolembedwa.

Ife tikuti lamulo lili ngati nkhokwe: limafuna kuphomedwa chaka ndi chaka, chiswe chisanaloŵe. Olemba malamulo akumbukire kuti ndalama imachepa mphamvu ndipo amisiri sagona tulo. Osunga kaundula aliyense adziŵe kuti ntchito yawo, ngakhale ioneke yonyozeka, imateteza miyoyo. Aphunzitsi nawo auze ana kuti ufulu wopanda malire kulibe, ngakhale m'dziko limene limaunyadira koposa. Malamulo onse aŵiri aja, la 1934 ndi chiletso cha 2018, anadza maliro atachitika kale, ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.