Chizungulire cha Odwala Khansa Chili ndi Gwero M'khutu

Odwala khansa ambiri a m'boma la Mchinji, kaya a ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Kamwendo, amapita ku Lilongwe kukalandira mankhwala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu. Ena mwa iwo akabwerera kumudzi amayamba kudzandira ngati oledzera, m'makutu mukulira ngati nyenje. Abale amanong'onezana kuti matenda aloŵa m'mutu, ena nkumati munthuyo walodzedwa. Koma nthaŵi zina gwero la vutoli limakhala m'khutu.

Ntchito ya khutu si kumva kokha ayi. M'katikati mwake, m'fupa la chigaza, muli kachiŵalo kopindika ngati nkhono kamene kamalandira mau, ndiponso timachubu titatu tokhota todzaza ndi madzi. Munthu akatembenuza mutu, madziwo amagwedeza tiubweya tosaoneka ndi maso, ndipo tiubweyato timauza ubongo kumene thupi lapendekera.

Mwa mankhwala a khansa, amene amadziŵika kwambiri pa kuononga tiubweya timeneti ndi cisplatin. Mphamvu yake anaitulukira ndi Barnett Rosenberg wa ku Michigan, m'dziko la America, mu 1965, ndipo boma la kumeneko linawavomereza mu 1978. Madokotala amawadalira polimbana ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malaŵi muno. Tsoka lake nlakuti tiubweya ta mu kankhono kaja tikafa sitimeranso. Choyamba kutayika ndi mau ang'ono okwera, monga kulira kwa anapiye, ndipo kwa ena chizungulire chimabwera pamwamba pake.

Thupi limaima chilili monga mphika pa mafuwa atatu: khutu, maso ndi mitsempha ya kumapazi. Fuwa limodzi likagumuka, aŵiri otsalawo amayesetsa kuchirikiza. Koma cisplatin amachititsanso dzanzi kumapazi, ndipo usiku maso sathandiza. Nchifukwa chake mayi amene masana wayenda bwinobwino pabwalo amatha kugwa popita kuchimbudzi mumdima. Kusenza ndowa ya madzi, kukwera njinga ya kabaza ndi kuoloka pa mlatho wa mitengo zonse zimasanduka zoopsa.

Komabe si chizungulire chilichonse chimene chimachokera m'khutu. Kuchepa kwa magazi ndi kutha kwa madzi m'thupi chifukwa cha kusanza kumabweretsanso chizungulire, ndipo zimenezi zimachizika. Wodziŵa kusiyanitsa ndi dokotala, koma iye sangaone zimene wodwala sananene. Akulu anati safunsa anadya phula. Dokotala akauzidwa msanga angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kutumiza wodwalayo kukapimitsa makutu, monga ku chipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe. Wodwala afotokozenso ku chipatala chilichonse kuti akulandira cisplatin, pakuti jakisoni wa gentamicin ndi kwinini nazonso zimalemetsa khutu.

Choopsa koposa ndi kuthaŵa mankhwala. Munthu wodzandira angathe kuyenda ndi ndodo, kuunikira njira ndi tochi, ndi kuzoloŵeza thupi poyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, pakuti ubongo umaphunzira kudalira mafuwa otsala. Khansa yosiyidwa panjira ilibe chifundo chotero. Mphunzitsi kapena mnyamata wotsiriza sukulu amene amaŵerengera agogo ake kalata ya kuchipatala ali ndi udindo wolemba tsiku limene makutu anayamba kulira, nkukapereka kwa dokotala pa ulendo wotsatira.