Louis Favre ndi mpweya umene unaboola phiri la Gotthard

Mukamapopa tayala la njinga, tagwirani pampu kumunsi kwake. Imatentha, eti? Ndimakonda kuyambira pamenepa ndikamaphunzitsa za mphamvu, chifukwa mpweya wopanikizidwa ngati umenewu ndi umene unaboola phiri la Gotthard ku Switzerland.

Ntchitoyo anaitsogolera Louis Favre, mwana wa kalipentala wa kufupi ndi Geneva, wobadwa mu 1826. Digiri ya uinjiniya analibe, luso analiphunzirira pa ntchito. Mu 1872 analonjeza kukumba ngalande ya njanji ya makilomita 15 m'zaka 8 zokha, n'kuvomeranso kuti akachedwa azilipira chindapusa tsiku lililonse. Ine ndimaona kuti apa mkuluyu anadzimanga yekha.

Ndiye taganizani. Mwalowa makilomita angapo mkati mwa phiri, mphamvu yoboolera mwala muitenga kuti? Injini ya nthunzi imafuna moto, ndipo utsi wake ukanatsamwitsa anthu onse. Choncho makina aakulu anawasiya panja, ku Göschenen kumpoto ndi ku Airolo kumwera. Madzi a m'mitsinje otsika m'phiri ankazunguza mipukutu, mipukutuyo n'kumayendetsa makina opanikiza mpweya, mpweyawo n'kuyenda m'mapaipi mpaka kukagunditsa zitsulo zoboolera. M'mabowomo ankaikamo dainamaiti. Kutentha kwa pampu kuja kunawavutanso, moti makina amene anakonza katswiri wa fizikisi Daniel Colladon ankaziziritsidwa ndi madzi.

Chimene chimandisangalatsa ndi ichi: mpweya ukamaliza ntchito yake unkatulukira mkati momwemo. Potambasuka unkazizira, komanso anthu ankapezako wopuma.

Koma sunali wokwanira. Kutentha kunkapitirira madigiri 30, kuli fumbi, utsi wa dainamaiti ndi madzi otuluka m'miyala. Antchito, ambiri a iwo ochokera ku Italy, anafa pafupifupi 200 pangozi, osawerengera amene anatha ndi matenda. Atanyanyala ntchito ku Göschenen mu 1875, anayi anawomberedwa. Mbali imeneyi sindiidumpha m'kalasi.

Favre mwiniwake anagwa n'kumwalira mkati mwa ngalandeyo pa 19 Julayi 1879 akuyendera ntchito. Pa 29 Febuluwale 1880 magulu awiri aja anakumana pakati pa phiri, ataphonyana ndi masentimita 33 okha, kungopitirira pang'ono rula yanu ija. Munthu aliyense asanadutse pabowopo, anayamba adutsitsa chithunzi cha Favre. Sitima zinayamba kuyendamo mu 1882.