Mwana wanu ndi wanzeru koma pensulo ikumukanika: kodi apitedi kwa akatswiri?

Mwana wanu ali ndi zaka 4. Amawerenga manambala mpaka 100, zilembo amazidziwa zonse, ndipo mukakwera naye minibasi kuchokera ku Chipasula kupita m'tauni amatchula mawu a pazikwangwani, anthu n'kumadabwa. Koma aphunzitsi a kusukulu yamkaka akudandaula. Akuti amakana kugwira pensulo, mabatani a yunifolomu amamukanika, ndipo anzake akayamba kuimba mokweza amatseka makutu n'kulira. Akulangizani kuti mukaonane ndi katswiri wa occupational therapy.

Ngati mukukayika, simukulakwitsa. Makolo ambiri amafunsa kuti: mwana wochenjera chonchi akalowe bwanji pamzere wa ana olumala? Tiyeni tiunike nkhawa zimenezi imodziimodzi.

Kodi occupational therapy n'chiyani?

Ambiri timangoti "mafizo", koma pali kusiyana. Wa mafizo amalimbana kwambiri ndi minofu, mafupa ndi kayendedwe ka thupi. Wa occupational therapy amayang'ana ntchito za tsiku ndi tsiku zomwe munthu akulephera, n'kumuthandiza kuti azizitha yekha. Ntchito za mwana ndi kudya, kuvala, kupita kuchimbudzi, kusewera ndi anzake ndi kuphunzira. Ntchitoyi si yachilendo: bungwe loyamba la akatswiriwa lidakhazikitsidwa ku America mu 1917, ndipo la dziko lonse lidayamba mu 1952.

"Komatu mwana wangayu ndi wanzeru"

N'zoona, ndipo palibe akutsutsa. Koma luso la mwana silikula lonse nthawi imodzi. Kuyankhula ndi kukumbukira kutha kuthamanga, zala n'kumabwera pambuyo. Mwana atha kuganiza ngati wa zaka 7, kugwira pensulo ngati wa zaka 3, n'kumapsa mtima ngati wa zaka 4.

Madokotala a kuno kwathu amaidziwa mfundoyi. Ndondomeko yopimira kakulidwe ka ana yotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, yomwe Dr Melissa Gladstone ndi anzake adaikonza m'dziko muno n'kuifalitsa mu 2010, imapima mbali zinayi padera: kuyenda ndi kudumpha, kugwiritsa ntchito manja ndi zala, kuyankhula, komanso kukhala ndi anthu. Mwana atha kupambana mbali imodzi n'kutsalira ina.

Kwa mwana wanzeru, kusiyanaku kumapweteka kwambiri. M'mutu mwake akuona galimoto yokongola, koma dzanja likujambula zokhwatchakhwatcha. Iye amaona yekha kuti sizikufanana, ndiye amang'amba pepala kapena kukaniratu kulemba. Ena amabisa vuto lawo ndi pakamwa: amakuchezetsani nkhani mpaka inu mwamumanga mabatani osazindikira. Akuluakulu timangoti ndi ulesi kapena matama, nthawi zina mpaka kumukwapula.

"Akamakula zisintha zokha"

Apa mutha kukhala kuti mukulondola. Sukulu zina zamkaka zimafuna kuti mwana wa zaka 3 azidzaza kope ndi zilembo pomwe zala zake sizinakhwime. Ana ambiri amatha kukopera mzere wozungulira ali ndi zaka 3, mtanda ali ndi zaka 4, ndipo chithunzi cha ngodya zitatu ali ndi zaka 5 kapena 6. Kugwira pensulo bwino ndi zala zitatu kumakhazikika pakati pa zaka 4 ndi 6, ndipo zingwe za nsapato ambiri amazitha cha m'ma 6. Mwana wodziwa kuwerenga msanga timamuyesa wamkulu, n'kuiwala kuti manja ake ndi a msinkhu wake.

Choncho musafunse kuti, "Kodi manja ake akufanana ndi nzeru zake?" Funsani kuti, "Kodi akutsalira poyerekeza ndi ana a msinkhu wake, ndipo zikumusokoneza moyo?" Pitani nayeni akamuone ngati:

- zomwe anzake ambiri amachita, monga kudya yekha, kuvula malaya kapena kugwira choko, iye zikumukanikabe ngakhale mwamuphunzitsa kwa miyezi;
- amagwa ndi kugunda zinthu kawirikawiri, ndipo amathawa masewera othamanga;
- phokoso, kumetedwa, kusamba kapena zovala zina zimamuliza mopitirira muyeso tsiku lililonse;
- amadya zakudya zochepa kwambiri moti sikelo yake yasiya kukwera;
- wayamba kukana sukulu kapena kunena kuti iye ndi wolephera.

Vuto lolephera kugwirizanitsa ziwalo pochita zinthu limapezeka mwa ana a sukulu pafupifupi 5 kapena 6 mwa 100 aliwonse, anzeru ndi omwe. Madokotala sakonda kulitchula dzina mwana asanakwane zaka 5, koma thandizo litha kuyamba dzinalo lisanabwere. Kumbukirani kuti ana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka mphunzitsi sangakhale ndi nthawi yogwira dzanja la mwana mmodzi.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira ngakhale pang'ono: mwana akasiya kuchita zomwe ankatha kale, akafooka mbali imodzi ya thupi, akamakomoka, kapena akasintha khalidwe atachira malungo a muubongo. Zikatero thamangirani kuchipatala.

"Akungokasewera basi, ndalama ya minibasi n'kumapita"

Inde, mukaona ngati masewera: kuumba, kutunga mikanda, kuponya mpira. Koma katswiri amasankha sewero lililonse ndi cholinga, n'kumalilimbitsa pang'onopang'ono. Amaonanso ngati mpando watalika, ngati pensulo yaonda kwambiri, kapena ngati mwana angakhale bwino kutali ndi phokoso.

Komabe si njira iliyonse yomwe ili ndi umboni wokwanira. Mu 2012, bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, lidachenjeza kuti umboni wa njira zofuna kusintha momwe mwana amamvera phokoso ndi kukhudzidwa ndi wochepa, ndipo lidati makolo aziyesa kwa nthawi yoikika n'kuona ngati pali kusintha. Zomwe zimaonetsa phindu kwambiri ndi kuphunzitsa mwana ntchito yeniyeniyo yomwe ikumuvuta.

Ndiye muli ndi ufulu wofunsa mafunso anayi. Mwapeza vuto lanji kwenikweni? Tikufuna kuti mwana azitha chiyani? Tidzaunikanso liti? Nanga kunyumba tizichita zotani? Cholinga chabwino chimamveka chonchi: "Pakutha pa miyezi itatu azimanga yekha mabatani atatu." Ngati nthawi yakwana popanda kusintha, kambiranani zosintha njira kapena kusiya.

"Anthu adzati chiyani?"

Kupimitsa mwana sikumulemba chizindikiro cha ulumali, ndipo sikuchotsa nzeru zake. Katswiri atha kukuuzani kuti mwana ali bwinobwino, angopatsidwa nthawi. Yankho limenelo nalonso ndi phindu, chifukwa mudzabwerera nalo kwa aphunzitsi muli ndi mtima m'malo.

Muyambire pati?

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuchipatala chaching'ono monga cha Kawale. Tengani kabuku ka kusikelo ndi kope la mwana, ndipo pemphani kuti amupime maso ndi makutu, poti mwana wosaona bwino nayenso amadana ndi kulemba. Akaona kuti n'kofunika, adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital. Akatswiri a occupational therapy ndi ochepa m'dziko muno, choncho mutha kuthandizidwa ndi ogwira ntchito omwe adaphunzira ku Kachere mumzinda wa Blantyre, pansi pa bungwe la Malawi Against Physical Disabilities. Funsaniretu ngati n'kotheka kubwera mwa apo ndi apo, zambiri n'kumachitira kunyumba.

Kunyumbako zipangizo muli nazo kale. Musiyeni aumbe ng'ombe zadothi, akonole chimanga, aswe mtedza, apane zovala ndi mapegi, asankhe nyemba inu muli pompo kuopa kuti angaike m'mphuno, ndipo azipota yekha mbamu ya nsima. Ajambule pamchenga ndi kamtengo asanafike pakope. Phada ndi fulaye zimalimbitsa thupi lonse. Nthawi yochepa tsiku lililonse imaposa tsiku lathunthu lokakamiza. Foni simalimbitsa zala ngati dothi, choncho ichepe. Musamulande mabuku omwe amakonda ngati chilango cholephera kulemba. Akakhala ndi nthano m'mutu, ainene inu mumulembere.

Kwa inu anthu odzipereka pa zaumoyo ndi alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba: kholo likamakayika, musalinene kuti ndi lokanika. Yambani ndi zomwe mwanayo amachita bwino, kenako tchulani chinthu chimodzi chomwe mwachiona ndi maso anu. Mawu akuti "ali ndi vuto" amatseka makutu a kholo. Koma mukati, "Mayi, sabata ino wasiya phala katatu chifukwa supuni ikumupulumuka," kholo limakhala ndi poyambira.