Pemphero ndi Mankhwala Sizilimbana

Tikamayendera makalabu a achinyamata, pali funso limene silisowa: kodi munthu wokhulupirira Mulungu n'kofunikabe kuti azimwa ma ARV? Funsoli si lachibwana. Taonapo anzathu akusiya mankhwala atauzidwa kumapemphero kuti achira, koma patangopita miyezi yochepa n'kubwera kuchipatala akudwala mwakayakaya. N'chifukwa chake tikufuna tikuuzeni za m'busa wina wa ku Uganda amene anadutsa m'njira yomweyi.

A Gideon Byamugisha ndi wansembe wa mpingo wa Anglican. Akazi awo oyamba anamwalira mu 1991 atadwala kanthawi kochepa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti anali ndi kachirombo ka HIV. Nawonso atayezetsa magazi anapezeka nako. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankati Edzi ndi chilango cha anthu ochimwa, choncho kukanakhala kosavuta kungokhala chete. Koma mu 1992 iwo anaulula poyera, ndipo anakhala mtsogoleri wachipembedzo woyamba mu Africa kuchita zimenezi.

Mu 1998 anadwala kwambiri moti madokotala sankayembekezera kuti akhala nthawi yaitali. Anthu akufuna kwabwino anawathandiza kupeza ma ARV, omwe panthawiyo anali odula kwambiri. Sanasiye kupemphera, komanso sanakane mankhwala. Thupi linabwerera, ndipo anapitiriza ntchito ya Mulungu. Mu 2009 analandira mphotho ya mtendere ya Niwano ya ku Japan.

Chimene chimatikhudza m'chiphunzitso chawo n'chakuti chikhulupiriro sichithera m'tchalitchi Lamulungu. Chimaonekera pa tizinthu ta tsiku ndi tsiku: kunena zoona kwa wokondedwa wako, kumwa mankhwala pa nthawi yake, kuteteza mnzako, ndi kukhala pafupi ndi wodwala amene ena akumuthawa. Iwo amaphunzitsa kuti kusalana, manyazi ndi kukana kuvomereza ndi zimene zimapatsa mphamvu mliriwu, chifukwa munthu woopa kusekedwa sapita kukayezetsa. Pofuna kuthetsa zimenezi anathandiza kukhazikitsa bungwe la atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi HIV mu Africa, ndipo kuno kwathu ntchito yotere imagwiridwa ndi MANERELA+.

Ife tili ndi mwayi umene m'busayu analibe mu 1998. Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 munthu akapezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Mankhwalawa sapha kachirombo, koma amakachepetsa mpaka sikaoneka poyeza kuchuluka kwake m'magazi, ndipo munthu wotere sapatsira mnzake pogonana. Apa ndi pamene ena amasokonezeka n'kumati achira. Ayi, kachirombo kamakhala kakadalipo. Ukasiya mankhwala kamachulukananso, ndipo nthawi zina mankhwala omwe aja sagwiranso ntchito.

Choncho anzathu, pempherani ndithu, koma botolo la mankhwala lisachoke pafupi ndi Baibulo lanu. Wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala, bwerani kaye mudzalankhule ndi alangizi a zaumoyo.

Zokambirana pa kalabu: Mnzanu atakuuzani kuti wasiya ma ARV chifukwa wapemphereredwa, mungamuyankhe bwanji popanda kunyoza chikhulupiriro chake? Nanga ku mpingo kwanu, munthu amene waulula kuti ali ndi kachirombo amalandiridwa bwanji?