Tithyole Ndiwo, Tisaphe Mbewu

Kuno ku Nkope, usipa ukakwera mtengo, mphika umadalira masamba. Nkhwani, chigwada, khwanya ndi cham'mwamba zimatipatsa vitamini A ndi ayironi, zofunika kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera. Koma tikathyola mosasamala, tidzadya bwino mu Januwale n'kudzasowa maungu ndi chinangwa pa nthawi yokolola.

Tsamba ndilo khitchini ya mbewu. Limatenga madzi ochokera kumizu ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa limapanga shuga. Akatswiri amatcha ntchitoyi photosynthesis. Shugayo ndi amene amakuza dzungu, kunenepetsa chinangwa ndi kudzaza maso a chimanga.

Masamba sagwira ntchito mofanana. Lanthete la kunsonga lili ngati khanda, limadya zopangidwa ndi akulu ake. Lomwe langotambasuka mokwanira, lobiriwira bwino, ndilo limapanga chakudya chambiri. Lakale la m'munsi, lachikasu ndi lokhala mumthunzi, mphamvu zake zatha.

Tsono pothyola nkhwani titenge masamba ochepa pa phata lililonse, ndipo tisiye oyandikana ndi dzungu. Nsonga za chinangwa ndizo masamba a mawa, choncho tikathyola chigwada tidikire milungu ingapo tisanabwerere pa mtengo womwewo. Tisaiwale kuchisinja ndi kuchiwiritsa mokwanira, poti chosapsa chili ndi poizoni. Chimanga chikamasula, masamba a pafupi ndi chisononkho ndi a pamwamba pake ndiwo amadzaza maso. Tikawadulira mbuzi, tachepetsa ufa wa ana athu.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso tolowera mpweya. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno ku Mangochi likaswa mtengo, nthaka n'kuuma, timaboto timatsekeka kuti madzi asathawe, ndipo kuphika kumaima. N'chifukwa chake m'dimba tithirire m'mamawa kapena madzulo ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma. Tisabzale pansi pa mango kapena mothinanitsa, chifukwa tsamba losaona dzuwa limapanga zochepa.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda: kuulima ndi kuusunga. Mawa tikanyamula lichero, tiyambe tayang'ana tsamba tisanalithyole.