Wodwala Misala Akakana Chipatala, Amalamula Ndani?

M'bale wathu wasokonezeka mutu. Usiku sagona, chakudya akukana, ndipo tikamuuza za kuchipatala akutemetsa nkhwangwa pamwala kuti sapita. Kodi tili ndi mphamvu yomutengera kumeneko mokakamiza? Funso limeneli lasautsa mabanja ambiri, ndipo dziko lililonse laliyankha motsata malamulo ndi mwambo wake.

Ku America amatsogoza ufulu wa munthu payekha. Bambo wina, Kenneth Donaldson, anasungidwa m'chipatala cha amisala ku Florida pafupifupi zaka 15 chonsecho sanali woopsa kwa aliyense. M'chaka cha 1975 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula kuti boma lisatsekere munthu wotere ngati angathe kukhala bwinobwino kunja, payekha kapena mothandizidwa ndi abale ndi abwenzi.

Ku Italy anachita zoposa apa. Potsatira ntchito ya dokotala Franco Basaglia mumzinda wa Trieste, m'chaka cha 1978 anakhazikitsa lamulo lotseka zipatala zikuluzikulu za amisala. Kumeneko, kuti munthu agonekedwe mokakamiza, madokotala awiri ayenera kugwirizana, meya wa mzinda asaine, woweruza milandu avomereze. Wodwalayo amagonekedwa m'chipatala wamba kwa masiku 7, ndipo kuti masiku aonjezeredwe pamafunika chilolezo china. Ku Mangalande nako, lamulo la 1983 linalola kusunga wodwala masiku osapitirira 28 pofuna kumuyeza, komanso linamupatsa mwai wokadandaula kubwalo lapadera.

Ku Japan mawu a banja ndiwo akhala olemera, monga zilili kwathu kuno. Kuyambira 1900 mpaka 1950 lamulo linkalola mabanja kutsekera wodwala m'kachipinda pakhomo. Mchitidwewo utaletsedwa, kugoneka munthu m'chipatala chifukwa choti dokotala ndi wachibale avomereza kunapitirirabe. Koma m'chaka cha 1984 zinaululika kuti odwala awiri anafa atamenyedwa ndi ogwira ntchito pachipatala china ku Utsunomiya. Nkhaniyi inachititsa manyazi dziko lonse, ndipo mu 1987 lamulo linakonzedwa kuti pakhale mabungwe ounika madandaulo a odwala.

Ku Indonesia boma linaletsa kumanga odwala ndi maunyolo kapena m'matangadza m'chaka cha 1977, koma mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linapeza anthu ambiri adakamangidwabe. Apa tikuona kuti lamulo palokha silimasula munthu ngati chipatala chili kutali ndipo banja lasowa pogwira.

Tsono ife tikaperekeza m'bale wathu ku Zomba, tizifunsa mafunso atatu: wavomereza kuti agonekedwe ndani, akhala masiku angati, ndipo adzamuunikanso liti? Tikatero tisamutaye. Tizipita kukamuzonda, pakuti wodwala amene abale ake amaonekera kawirikawiri saiwalika. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.