Seva ya bizinesi yaing'ono: zoyenera kuganizira musanagule

Pa 19 July 2022, tsiku limene kutentha kunapyola madigiri 40 koyamba m'mbiri ya dziko la Britain, makina oziziritsira makompyuta a Google ndi Oracle ku London analephera, ndipo makampaniwa anazimitsa ena mwa maseva awo. Tsiku lomwelo makompyuta a zipatala za Guy's ndi St Thomas' anaima, ogwira ntchito n'kuyamba kulemba za odwala pamapepala.

Izi zikupereka phunziro kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono mumzindawu, kuphatikizapo Amalawi amene ali ndi ntchito zosamalira okalamba kapena zotumiza katundu kumudzi. Posankha seva, funso loyamba ndi lakuti: makinawa akaima, bizinesi ingapirire maola angati?

Seva n'chiyani?

Seva ndi kompyuta imene imasunga mafayilo, kaundula wa makasitomala ndi mapulogalamu omwe antchito onse amagwiritsa ntchito limodzi. Imagwira ntchito usana ndi usiku. Yamtundu wa tower imaima payokha ndipo imakwana ofesi ya anthu ochepa. Yamtundu wa rack imalowetsedwa m'kabati yachitsulo, imachita phokoso, ndipo imafuna chipinda chakechake chozizira. Dell PowerEdge ndi HPE ProLiant ndi ena mwa maina odziwika, ndipo mitundu iwiri yonseyi imapezeka.

Muyang'ane chiyani?

Sankhani makina okhala ndi malo otsala oikamo memory ndi madisiki ena, kuti bizinesi ikakula musagulenso atsopano. Memory yamtundu wa ECC imakonza yokha zolakwika zing'onozing'ono zisanawononge zimene mwasunga. Madisiki akhale awiri kapena kuposerapo: mu njira yotchedwa RAID 1, chilichonse chimalembedwa pa onse awiri, kotero imodzi ikafa ntchito imapitirira.

Koma RAID siteteza ku moto, mbava kapena kuzigawenga za pa intaneti, monga zija zinaukira British Library mu October 2023. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kusunga makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa ofesi. Kope limenelo liziyesedwa kawirikawiri, pakuti nkhokwe yosasuzumiramo imadyedwa ndi anankafumbwe mwini wake ali mtima m'malo.

Magetsi nawo ndi ndalama. Seva yodya mawati 200 imatha mayunitsi 1,752 pachaka, osawerengera choziziritsira. Batire la UPS limaipatsa mphindi zingapo kuti izime bwinobwino magetsi akathima. Ku Malawi batireli n'lofunika koposa: namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuthimathima kunatenga miyezi yambiri.

Kodi iyenera kukhala mu ofesi?

Ayi. Ku Docklands, kum'mawa kwa London, kuli nyumba zosungiramo maseva, monga Telehouse yomwe inatsegulidwa mu 1990, kumene munthu amalipira malo, magetsi ndi kuziziritsa. Ena amangobwereka seva pa intaneti n'kumalipira pamwezi.

Kulikonse kumene seva ili, udindo umatsalabe kwa mwini bizinesi. Malamulo a Britain amafuna kuti zinsinsi za makasitomala zikabedwa moika anthuwo pachiopsezo, ofesi ya Information Commissioner idziwitsidwe pasanathe maola 72. Wogula seva yakale aonetsetsenso pulogalamu yoyendetsera makinawo: Microsoft inasiya kuthandiza Windows Server 2012 mu October 2023.